Pangano la ku Bermuda: M'mene Britain ndi America Anagawanirana Njira za Mlengalenga

Munthu akaima pa bwalo la ndege la Chileka, naona ndege ya dziko lina irikutsika, angathe kuganiza kuti woyendetsa wake wasankha yekha njira monga ichitira mbalame, pakuti kumwamba kulibe mpanda, kulibe mlatho, kulibenso msilikari wa pachipata. Koma zinthu siziri chotero ai. Ndege yonyamula anthu ndi katundu pa malonda isanayambe kuyenda pakati pa maiko awiri, pamakhala chikalata chimene maboma awiriwo analemba nasainirana, chonena mizinda imene ndegeyo idzaterako, makampani amene aloledwa, ndi m'mene mtengo wa ulendo udzaikidwira. Nkhani ino ifotokozera mamembala chiyambi cha zikalata zotere, makamaka pangano limene Britain ndi United States of America anapangana pa chisumbu cha Bermuda m'chaka cha 1946. Pangano limenelo liyenera kudziwika pa zifukwa ziwiri. Linakhala chitsanzo chimene maiko ambiri anatsata kwa zaka zoposa makumi atatu, ndiponso lionetsa m'mene dziko lochepa mphamvu lingatulukire ndi kanthu m'manja pokambirana ndi lamphamvu, likadziwa chuma chake chimene mnzakeyo akuchifuna.

Mwini mlengalenga ndani?

Pa 25 July, 1909, munthu wa ku France dzina lake Louis Blériot anauluka kuchokera kwao, naoloka nyanja, natera pafupi ndi Dover m'dziko la England. Ulendo wake sunakwane ora limodzi, koma unadzutsa funso limene akuru a malamulo anali asanaliyankhe: kodi mlengalenga ngwa yani? Ena anati uli ngati nyanja yaikuru, imene sitima ya mtundu uliwonse iyendamo osapempha. Ena anakana, nati uli ngati munda, mwini nthaka ndiye mwini wa zonse ziri pamwamba pake. Maiko a ku Ulaya anasonkhana ku Paris mu 1910 kuti aweruze nkhaniyi, koma anabalalika osamvana, ndipo chaka chotsatira Britain anadziikira lamulo lake lopatsa boma mphamvu yoletsa ndege kuuluka pamwamba pa malo ena.

Chimene chinafulumiza zinthu ndi ngozi. Pa 3 April, 1913, chibaluni chachikuru cha mtundu wa Zeppelin, m'mene munali akuru ena a asilikari a Germany, chinasokera njira nichitera pa bwalo la asilikari a France ku Lunéville. Masiku amenewo maiko awiriwa anali kuyang'anana ndi diso la nkhwezule. Eni dziko anachipenyetsetsa mkati ndi kunja, nachilola kubwerera m'mawa mwake. Maboma onse awiri anaona kuti tsiku lina chinthu chotere chidzabala nkhondo, chotero pa 26 July chaka chomwecho anapatsana makalata ku Berlin. Anapangana kuti ndege ya asilikari isalowe m'dziko la mnzao osaitanidwa, koma ikagwa m'tsoka ilandiridwe. Ndi kuti ndege ya anthu wamba ingalowe ngati iri ndi zikalata zake zonse, nipewa malo oletsedwa. Makalata amenewa ndiwo amawerengedwa pangano loyamba la maiko awiri pa za ndege.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inatsiriza mkangano wa akuru a malamulo aja, pakuti anthu ataona mabomba akugwa kuchokera kumwamba pa London ndi Paris, panalibenso wonena kuti mlengalenga ngwa aliyense. Pa 13 October, 1919, maiko opambana nkhondo anasaina pangano ku Paris, ndipo mutu wake woyamba unati dziko lirilonse liri ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake, pamodzi ndi wa maiko amene liwalamulira kutsidya kwa nyanja. Mu August chaka chomwecho ndege zinali zitayamba kale kunyamula apaulendo tsiku ndi tsiku pakati pa London ndi Paris. Chotero malonda a ndege anabadwa makomo ali otseka, ndipo khomo lirilonse linayenera kugogodedwa palokha.

Makomo otseka pa njira ya ku India

Angerezi ndiwo anayamba kulawa kuwawa kwa lamulo limene iwo omwe analilimbikira. Mu 1924 anaphatikiza makampani ao ang'ono anai, napanga kampani imodzi ya Imperial Airways, kuti ilunzanitse London ndi India, Africa ndi Australia. Koma pakati pa London ndi maiko amenewo panali maiko a eni. Pamene njira ya ku Karachi inatsegulidwa mu March 1929, boma la Italy silinalole ndege za Angerezi kulowa kuchokera ku France, kotero kuti apaulendo anali kutsika ku Basel, nakwera sitima ya pamtunda usiku kukafika ku Genoa, kumene anakweranso ndege ya pamadzi. Pambuyo pake, kwa zaka zingapo, anali kuyenda pa njanji kuchokera ku Paris mpaka ku Brindisi. Munthu wolipira ulendo wa mlengalenga anali kugona m'sitima, osati chifukwa ndege inalephera, koma chifukwa maboma sanamvane.

Kum'mawa kunalinso bvuto lomwelo. Boma la Persia, limene tsopano ndi Iran, linachedwetsa chilolezo, ndipo potsiriza linalola ndege kutsata gombe lokha kwa zaka zitatu. Nthawiyo itatha, mu 1932, Angerezi anasamutsira njira yao ku gombe la Arabia, napangana ndi mfumu ya ku Sharjah kuti aziilipira mwezi ndi mwezi, ndipo inamanga nyumba ya linga yogonamo apaulendo. Pa zonsezi maboma anaphunzira kuti chilolezo chotera ndi chuma chogulitsika, monga doko la pamtsinje: mwini wake angakhale alibe bwato, aliyense wofuna kuoloka ayenera kulankhula naye.

Nyanja ya Atlantic

Njira imene onse anailakalaka inali ya pakati pa New York ndi London. M'zaka za 1930 panalibe ndege yotha kuoloka nyanja imeneyo ndi katundu wa malonda osamwetsa mafuta pa njira. Malo oyenera kupumirapo anali owerengeka: Newfoundland ndi Ireland kumpoto, Bermuda ndi zisumbu za Azores kumwera. Newfoundland ndi Bermuda anali m'manja mwa Britain. Koma ndege zabwino zinali za America, pakuti kampani ya Pan American Airways, imene mtsogoleri wake anali Juan Trippe, inali itayamba kale kuoloka nyanja ya Pacific mu November 1935. Wina anali ndi madoko, wina anali ndi mabwato.

Mu 1936 makampani awiriwa anapangana kuti iriyonse idzayenda kawiri pa sabata, ndi kuti wina asayambe mnzake asanakonzeke. Ndipo maboma anapereka zilolezo mu 1937. Mu June chaka chomwecho anayamba pamodzi ulendo waufupi wa pakati pa Bermuda ndi New York, Angerezi ndi ndege yao yochedwa Cavalier, a ku America ndi Bermuda Clipper. Mu July anayesa kuoloka nyanja yonse pakati pa Foynes ku Ireland ndi Botwood ku Newfoundland, ndege ina kuchokera uku, ina kuchokera uko. Koma Angerezi analibe ndege yotha kunyamula apaulendo pa mtunda wotero, ndipo mau aja akuti wina adikire mnzake anamanga Pan American miyendo. Ku America anthu anang'ung'udza kwambiri. Poyamba pa 1939 Britain anamasula mauwo, ndipo Pan American anayamba kunyamula makalata mu May ndi apaulendo mu June. Patangopita miyezi yowerengeka nkhondo yachiwiri inabuka.

Nkhondoyo inakulitsa kusiyana kwa maiko awiriwa. Mafakitale a Britain anatanganidwa ndi ndege zomenyera nkhondo ndi zoponya mabomba, pamene a ku America anapanganso ndege zonyamula katundu zikwi ndi zikwi. Za mtundu wa Dakota zokha zinaposa 10,000, ndipo panalinso zazikuru za makina anai, monga DC-4, zimene zinali kuoloka nyanja tsiku ndi tsiku, ndi Constellation. Aliyense anaona kuti mtendere ukadzabwera, America adzakhala ndi ndege ndi oyendetsa ozolowera, pamene kampani ya boma la Britain, imene kuyambira 1940 inali BOAC, idzakhala ndi ndege za mabomba zoikidwa mipando.

Msonkhano wa ku Chicago

Nkhondo isanathe, Pulezidenti Franklin Roosevelt anaitana maiko ku Chicago, ndipo nthumwi za maiko oposa 50 zinakhala pansi kuyambira pa 1 November mpaka pa 7 December, 1944. Wotsogolera a ku America anali Adolf Berle, wa Angerezi anali Lord Swinton. Pa msonkhanowo anagawa ufulu wa ndege ya malonda m'magawo asanu, ndipo magawo amenewo akugwirabe nchito m'mapangano a ndege.

Woyamba ndi ufulu wouluka pamwamba pa dziko la eni osatera. Wachiwiri ndi wotera kukamwetsa mafuta kapena kukonza makina, osatsitsa kapena kukweza munthu. Wachitatu ndi wotsitsa m'dziko la eni anthu ndi katundu ochokera kwao kwa ndegeyo. Wachinai ndi wokweza m'dziko la eni anthu opita kwao kwa ndegeyo. Wachisanu ndi wokweza anthu m'dziko la eni ndi kupita nao ku dziko lina lachitatu, monga ndege ya ku America itafika ku London nikweza anthu opita ku Brussels kapena ku Calcutta.

Mkangano unagona pa ufulu wachisanu ndi pa kuchuluka kwa maulendo. A ku America anati ndege yopita kutali singayende ndi mipando yopanda anthu. Amene atsika pa njira ayenera kulowedwa m'malo ndi ena, ndipo kampani iriyonse iyende kangati ifuna, pa mtengo umene ifuna. Angerezi anaona ngati mwini basi wochokera kutali wafika pa siteshoni ya eni, nayamba kukweza anthu amene mabasi a pamenepo anali kuwadikira. Iwo anafuna bungwe la maiko onse lokhala ndi mphamvu yogawa njira, kuwerenga maulendo ndi kuika mitengo. Australia ndi New Zealand anapitirira pamenepo, nati njira zazikuru zonse zikhale za kampani imodzi ya maiko onse, koma mau ao sanapite patali.

Nkhaniyi inafika kwa Roosevelt ndi Winston Churchill eni ake, amene anatumizirana mauthenga. Roosevelt anakumbutsa mnzake kuti Nyumba ya Malamulo ya America siidzakhala yopatsa pa thandizo la nkhondo ikaona kuti Britain wakaniza pangano la ndege. Churchill anayankha kuti sikoyenera kupanikiza bwenzi lotopa ndi nkhondo. Sanamvane. Msonkhano unabala pangano lalikuru la malamulo a chitetezo ndi kayendetsedwe, limene linakhazikitsa bungwe la ICAO, limene likulu lake liri ku Montreal, ndipo linabwereza mau a ku Paris onena za ulamuliro wa dziko pa mlengalenga wake. Za malonda zinaikidwa m'zikalata ziwiri zapadera. Cha ufulu woyamba ndi wachiwiri maiko ambiri anachisaina, ndi Britain yemwe. Cha ufulu wonse usanu anachisaina owerengeka, ndipo America mwini wake anachisiya mu 1946. Tanthauzo lake linali lakuti za malonda zidzakambidwa ndi maiko awiri awiri.

Masabata anai ku Bermuda

Nkhondo itatha, bvuto linaonekera msanga. Kumapeto kwa 1945 Pan American analengeza kuti adzatsitsa mtengo wa ulendo wa pakati pa New York ndi London kufika pa madola 275, pamene Angerezi anafuna madola 375. Britain anayankha kuti ngati ndi choncho, kampaniyo ibwerere ku maulendo awiri pa sabata a chilolezo cha 1937. Apa America anaona kuti ndege zambiri ziribe phindu popanda potera. Nayenso Britain anali pa mpanipani, pakuti mu December chaka chomwecho anasaina ngongole ya madola 3,750 miliyoni kuchokera ku America, ndipo ngongoleyo inali kudikira kubvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo ku Washington. Aliyense anali atagwira chimene mnzake anachisowa.

Chotero pa 15 January, 1946, nthumwi zinakomana ku Bermuda. Mwa a ku America munali George Baker wa ku ofesi ya za maiko akunja ndi Welch Pogue, wapampando wa bungwe loyang'anira ndege za malonda. Mwa Angerezi munali Sir Henry Self ndi Sir William Hildred. Anakambirana pafupifupi masabata anai, nasaina pa 11 February. Palibe amene anatenga zonse anadzera. Akale anati kupatsa nkuika, ndipo mbali iriyonse inapereka chimene inachikakamira ku Chicago, kuti ilandire china.

Zimene anapangana

Pa za mitengo America ndiye anagonja. Anabvomera kuti mtengo wa ulendo usaikidwe ndi kampani imodzi payokha, koma makampani azikambirana m'bungwe lao la IATA, limene linakhazikitsidwa ku Havana mu April 1945, ndipo mtengo umene agwirizana uzibvomerezedwa ndi maboma onse awiri. Ichi chinali chachikuru, chifukwa malamulo a ku America amaletsa amalonda kupangana mitengo, ndipo panafunika chilolezo chapadera, chimene poyamba chinaperekedwa kwa chaka chimodzi chokha. Ndi mau amenewa kampani yolemera sinathenso kupha inzake potsitsa mtengo kufikira yosaukayo itagwa.

Pa za kuchuluka kwa maulendo Britain ndiye anagonja. Anasiya maganizo ake akuti maboma aziwerengeratu maulendo ndi kugawa mipando pakati ndi pakati. Kampani iriyonse inaloledwa kuyenda monga ionera malonda, koma potsata mfundo zolembedwa: kuti makampani a mbali zonse akhale ndi mwai wolungama ndi wofanana, kuti wina asaononge malonda a mnzake mopitirira, ndi kuti mipando iyesedwe makamaka ndi anthu oyenda pakati pa dziko la ndegeyo ndi kumene ikupita. Boma loona kuti mfundozi zaswedwa linali ndi ufulu woitana mnzake kuti akambirane, koma pambuyo pa kuchitika kwa chinthucho, osati chisanachitike.

Ufulu wachisanu unaloledwa, koma ngati chakudya chapambali, osati nsima yeniyeni, ndiponso pa njira zokha zimene zinalembedwa mzinda ndi mzinda kumapeto kwa chikalatacho. Ndege za ku America zinaloledwa kufika ku London ndi kupitirira ku Ulaya mpaka ku India. Za Angerezi zinaloledwa kufika ku New York ndi kupitirira ku San Francisco ndi ku nyanja ya Pacific. Boma lirilonse linayenera kutchula makampani ake oyenda pa njirazo, ndipo mnzake anali ndi mphamvu yokana kampani imene eni ake enieni ndi oilamulira sali nzika za dziko loitchulalo. Mkangano wokanika unayenera kupita ku bungwe la maiko onse lija kuti lipereke uphungu, ndipo wofuna kutuluka m'pangano anayenera kuchenjeza mnzake miyezi 12 isanakwane.

Ku Britain ena anati boma lagulitsa mlengalenga chifukwa cha ngongole, ndipo ku America ena anati boma lamanga amalonda ake manja pa za mitengo. Koma ndege zinayenda. BOAC inagula ndege zisanu za Constellation ku America komweko, niyamba ulendo wa London ndi New York pa 1 July, 1946. Mu September maboma awiriwo analengeza pamodzi kuti mapangano ao ndi maiko ena adzatsata chitsanzo cha ku Bermuda, ndipo maiko ambiri anachita chimodzimodzi, ngakhale ena anaonjezapo kugawiratu mipando. Lero mapangano a maiko awiri awiri pa za ndege ali m'zikwi, ndipo ambiri mwa iwo akali ndi mafupa a chikalata chimenecho.

Mlengalenga wa Nyasaland

Nkhani imeneyi inakhudza dziko la Malawi, limene masiku amenewo linali Nyasaland, ngakhale eni ake sanafunsidwe. Pangano la ku Chicago linati nthaka ya dziko ndi yonse imene iri pansi pa ulamuliro kapena chitetezo chake. Chotero mlengalenga wa pamwamba pa Zomba, Lilongwe ndi Mzimba unawerengedwa wa Britain, ndipo woyankha za iwo pamaso pa maiko ena anali boma la ku London. Mbali ina ya mphamvu ya Angerezi pa zokambirana inachokera m'maiko otere, pakuti chuma chao chachikuru chinali mabwalo ndi madoko omwazika pa dziko lonse lapansi. Maiko a mu Africa amene anali ndi mipando ku Chicago anali anai okha: Egypt, Ethiopia, Liberia ndi South Africa.

Njira za ndege za kuno zinalembedwa ndi ena. Ya Imperial Airways yochokera ku London kupita ku Cape Town, imene inatsegulidwa mu 1932, inadzera ku Mbeya, Mpika, Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, ndi Salisbury, kumene tsopano ndi Harare. Blantyre anangolunzanitsidwa ndi nthambi. Mu June 1946, miyezi inai chisainire pangano la ku Bermuda, kunakhazikitsidwa Central African Airways, m'mene Southern Rhodesia anali ndi magawo 50 pa 100, Northern Rhodesia 35, ndi Nyasaland 15. Kuyambira kumapeto kwa 1949 ndege za pamadzi za BOAC zopita ku South Africa zinali kutera pa nyanja ku Cape Maclear, koma chisanathe chaka cha 1950 kampaniyo inaleka ndege za mtundu umenewo, ndipo njirayo inafa monga inabadwira, ndi lamulo lochokera kutali.

Ufulu wa 1964 unabweretsa mbendera ndi nyimbo ya fuko, koma unabweretsanso chinthu chimene ambiri sanachione ndi maso, ndicho ulamuliro wa mlengalenga. Chaka chomwecho Malawi analowa m'pangano la ku Chicago m'dzina lake, ndipo kuyambira pamenepo wofuna kutera pa malonda anayenera kukambirana ndi boma la dziko lino. Air Malawi inayamba mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, niima payokha mu 1967, ndipo kuyambira 1974 mpaka 1979 inali kuyenda ku London ndi ndege ya VC10. Walira mvula walira matope: dziko lokhala ndi ufulu wotchula kampani yake liyeneranso kupeza ndarama zoisungira, ndipo Air Malawi inatsekedwa mu 2013 chifukwa cha ngongole. Kampani imene inalowa m'malo mwake inakhazikitsidwa ndi magawo 51 a boma la Malawi ndi 49 a Ethiopian Airlines, kampani ya dziko lija limene linali ndi mpando ku Chicago, imene inayamba kuuluka mu April 1946. Kugawa kotere kumapezeka m'maiko ambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi mfundo ija yakuti kampani yotchulidwa ndi dziko ikhale m'manja mwa eni dzikolo.

Matsiriziro a pangano

Pangano la ku Bermuda linakhala zaka 31. M'kupita kwa nthawi Angerezi anadandaula kuti makampani a ku America akupindula koposa, makamaka pa ufulu wachisanu ndi pa kuchuluka kwa mipando. Mu June 1976 Britain anagwiritsa nchito mau aja a miyezi 12, nachenjeza kuti akutuluka. Zokambirana zinafika pa tsiku lomariza lenileni, ndege zitatsala pang'ono kuleka kuyenda pakati pa maiko awiriwo, ndipo pangano lachiwiri la ku Bermuda linasainidwa pa 23 July, 1977. Ilo linachepetsa ufulu wachisanu wa America, ndipo pansi pake makampani awiri okha a mbali iriyonse ndiwo analoledwa kuyenda pakati pa bwalo la Heathrow ndi America. Nalonso linatha mu March 2008, pamene pangano lotsegula njira pakati pa America ndi maiko a European Union linayamba kugwira nchito. Mu Africa namonso maboma anagwirizana ku Yamoussoukro mu 1999 kuti atsegulirane njira kufikira ufulu wachisanu, koma kuchita kwake kwayenda pang'onopang'ono, chifukwa mantha amene Lord Swinton anali nao ku Chicago ndi omwewo amene dziko lirilonse la kampani yaing'ono liri nao.

Wowerenga mbiri imeneyi adzaona kuti Britain wa 1946 anali wosauka, wangongole, ndi wopanda ndege zoyenera, koma sanapite ku Bermuda ngati wopempha. Nthumwi zake zinadziwa bwino chimene dziko lao linali nacho, zinasankhiratu chimene zingapereke ndi chimene sizingapereke, ndipo zinaonetsetsa kuti m'chikalatamo mwalembedwa khomo lotulukira, limene adzukulu ao analigwiritsa nchito patapita zaka 30. Amene analibe mpando pa msonkhanowo, monga anthu a ku Nyasaland, anangoona ndege zikudza ndi kuleka kudza, osadziwa chifukwa chake. Kusiyana kwa awiriwa sikunali kwa chuma chokha ai, koma kwa kukhalapo pamene mau akulembedwa, ndi kuwamvetsa asanasainidwe.